Laputopu Yokana Ntchito Lachisanu

Anzanga, Estere ndinakumana naye mu 1999 ku Kachulu, chifukwa cha laputopu.

Ndinkakonza makompyuta kubungwe lina lofufuza za nsomba ku Zomba. Estere ndiye ankalemba nsomba zofika padoko, yekhayekha m'kaofesi kamalata. Laputopu yakeyo ndinaitchera kuti Lachisanu lililonse masana izidziyeretsa yokha n'kusunga backup. Koma siinkatero.

"Achimwene, makina anuwa ndi aulesi," anatero akuseka.

Ndinayamba kupitako Lolemba lililonse. Ndinasintha batire, ndinakonza wotchi yake, ndinatchera schedule mwatsopano. Ndikayesa pompo, zonse bwinobwino. Likafika Lachisanu, zii!

Kunena zoona sindinkadandaula. Tikaweruka tinkakhala padoko kudya matemba ootcha, mpaka kondakitala wa minibasi kuchita kundikalipira. Nditamufunsira, anandilola!

Koma abwana anga, a Jafeti, anatopa nazo.

"Gerishomo, ntchito yakukanika eti?"

Zinandiwawa. "Bwana, tiyeni Lachisanu tikaone ndi maso athu."

Estere sindinamuuze. Ndinkati ikhale surprise, ndinamugulira ndi chitenje chomwe.

Tinapeza ofesi yokhoma. Kusuzumira pawindo, laputopu ili patebulo, yozimitsa. Vuto lonse linali limenelo basi. Makina ozima angagwire bwanji ntchito?

Tinadikira mpaka boti la kuchilumba cha Chisi linafika. Estere anatsika atabereka mayi ake kumsana, owonda, akutsokomola. Kani Lachisanu lililonse ankatseka ofesi kukawatenga kuti akalandire mankhwala a TB kuchipatala.

"Ndiye nsomba za Lachisanu mumangolemba za m'mutu?" anafunsa a Jafeti.

Estere anangowerama. Ntchito inamuthera pomwepo, mayi ake akumva.

Ndinamutsatira. "Estere, bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti mukamva za TB mundithawa," anayankha misozi ili mbwee. "Nanga inu? Batire munalifunsa, wotchi munaifunsa. Ine wokhala ndi pakamwa, mwanditengera abwana..."



Kwawo ku Chisi ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba Estere anakana kutuluka m'nyumba. Wachiwiri ndinapeza anthu akusesa pabwalo, mayi aja ataikidwa dzulo lake. Mlongo wake wa Estere anandiperekeza mpaka padoko, n'kundipempha mwaulemu kuti ndisadzabwerenso.

Ku Kachulu analemba kalaliki wina. Laputopu ija siinaphonyenso Lachisanu ngakhale limodzi, ndipo a Jafeti anandiyamikira pamaso pa anthu onse.

Ine ndinatuluka panja kukalira.