Bokosi la Khadi la Malume Ayikwei

Okondedwa abale athu a ku Hamburg, landirani moni wochokera kuno ku Teshie. Tikhulupirira kuti chisanu cha kumeneko sichikukuzunzani. Ndi mtima wosweka ndikukudziwitsani kuti malume athu a Ayikwei tinawaika m'manda Loweruka, ndipo zinthu sizinayende mwabata.

Mukukumbukira kuti kwa zaka zambiri malumewo ankakhala pakhonde, makadi ali pathebulo, n'kumaphunzitsa anthu njuga ya bulakijaki: nthawi yopempha khadi lina ndi nthawi yoima. Ankalankhulanso za njugayo pawailesi. Koma iwo eni sanabetchepo ngakhale ndalama ya sedi imodzi, poti ankati mtima wawo sungapirire.

Atamwalira, akazi awo, mayi Akweley, anapita kwa mmisiri wa mabokosi a maliro. Kwathu kuno msodzi amagona m'bokosi looneka ngati nsomba, dalaivala m'looneka ngati galimoto, choncho mayiwo anaitanitsa la khadi, kuti amuna awo akadziwike ntchito yawo kumene akupitako. Ankaona kuti bokosi lina lililonse likanawanyoza.

Lachisanu masana, pokatenga bokosilo, anapeza Okoe ataima pakhomo pa mmisiri. Ameneyu ndi wotchova njuga uja alonda a nyumba ina ya njuga anamuthyola zala atamugwira akuwerenga makadi otuluka kuti apambane, monga anamuphunzitsira malume.

"Bwererani, mayi," anatero Okoe. "Khadi ndi lathu ife obetcha pathebulo. Amuna anu apangireni wailesi, agonemo akulongolola."

"Mwana wanga, zaka zonsezi wakhala ukudyera mutu wa yani?"

"Mutu wawo, inde. Nanga zala?" Anawaonetsa dzanja lopindikalo. "Iwo anakhetsapo magazi liti?"

Atatero anatola nkhwangwa n'kutema chivundikiro, thabwa n'kung'aluka pakati. Mmisiri anayesa kumugwira, koma anapatsidwa chigongono pakamwa, mano awiri n'kugwera m'utuchi. Mayi Akweley sanakuwe. Anangoona mng'alu ukudutsa pa utoto woyera umene anasankha okha. Anatenga hamala pabenchi n'kumumenya Okoe pakhutu. Iye anagwera pabokosipo, magazi n'kuyenderera pakhadi ponse. Anamumenyanso paphewa, ndipo akanapitiriza, koma amayi ogulitsa nsomba omwe anali pafupi anawagwira mikono.

"Umafuna magazi," anatero mayiwo akupuma movutikira. "Ndi amenewo. Tsopano latsala chiyani?"

Anzake a Okoe otchova njuga anamunyamulira kuchipatala.

Mmisiri anapempha kuti akonze chivundikiro ndi kupakanso utoto, koma mayi Akweley anakana. Malume analowa m'manda m'khadi lawo, long'aluka ndi lothimbirira momwemo. Otchova njuga anabwera ochepa, naima patali, ndipo palibe anatsutsanso. Khutu la Okoe analisoka, koma akuti silidzamvanso, ndipo mayiwo aitanidwa kupolisi Lolemba.

Chonde nkhaniyi muifikitse kwa m'bale wathu, a Naa Dedei, ndi ana awo, isanawapeze kudzera m'kamwa mwa anthu ena.