Tochi Yomwe Inandipezera Mkazi

Tochi ya pamphumi yomwe ili kuseri kwa chitseko changa ku Nottie Broadie ndiyo inandipezera mkazi. Ankhoswe anangobwera kudzadya nkhuku. Ndikulumbira, sindikuwonjezera kanthu.

Masiku amenewo ndinkagwira ganyu pa Zambezi, kupalasa kayaki, kabwato kapulasitiki ka munthu mmodzi, kumbuyo kwa alendo n'kumavuula amene agwera m'madzi. Ndinali ndi chibwenzi ku Maramba, mwana wa mdala wina wachilozi amene anakulira m'bwato. Anthu ankati mdalayo anayamba kupalasa asanayambe kuyamwa, ndipo ine ndilibe chifukwa chowatsutsira. Za ukwati wathu anali asanavomere. Ndikapita kwawo ndinkagwada, kuwomba m'manja, maso ali pansi, monga mwa ulemu. Zala za kumapazi kwawo ndinkazidziwa bwino, koma nkhope yawo ndikanaipitirira pamsewu.

Tsiku lina analankhula kwa mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Umuuze mnzako uyu kuti mwamuna wopalasa beseni ya pulasitiki sinimudziwa. Pa Loweruka m'madzulo niyenda kukaona miono yanga. Maso yanga yasila, siniona bwino. Abwere na nyale, nimuone pamadzi."

Ndinayamba kusaka tochi. Yoyamba ndinagula m'sitolo ina pa Mosi-oa-Tunya Road, pabokosi pake atajambulapo munthu akusambira. Ndinaivala potuluka m'sitolomo, ndipo inafa ndi thukuta langa ndisanawoloke msewu. Yachiwiri anandibwereka mnzanga wa kuntchito. Inkawala bwino, koma lamba wake anali wotha mphamvu ngati lasitiki ya kabudula wakale. Funde loyamba linaitenga. Mpaka lero pali ng'ona ina kumunsi kwa mathithi imene imayenda usiku ikuunika njira. Amene akukayika apite akaione.

Yachitatu ndinaipeza pamsika wa Maramba, kwa mayi wina amene ankagulitsa mabatire ndi maloko. Matochi ake sankawaika patebulo, ankawasunga m'ndowa ya madzi, ali chiyakire.

"Ni wotapulufu, yosalowa madzi, ba mayi?"

"Mwana wanga, siuona? Iyi ili mumadzi kuchokera pomwe ninakwatiwa. Ukaichotsa imadwala."

Anandionetsa kamphira kozungulira pachitseko cha mabatire, lamba wachiwiri wodutsa paliwombo, ndi batani lalikulu loti chala chonyowa chisaphonye. Ndinaitenga, n'kupita nayo kumathithi nyengo imene utsi wa madzi umanyowetsa ngakhale maganizo. Ndinabwerako ndikudontha ngati chovala chapachingwe, tochi ikuseka.

Loweruka tinalowa m'madzi kumtunda kwa mtsinje dzuwa litangolowa, mdala uja ataimirira m'bwato lawo, ine m'beseni langa. Apa ndi pamene ndinazindikira vuto limene mayi uja sanandiuze. Tochi ya pamphumi imaunika kumene wayang'ana. Ndipo ine, mwana woleredwa bwino, atate a chibwenzi changa sindikanawayang'ana.

"Unika kuno, iwe!"

"Inde, ba tate," ndinayankha, n'kuweramitsa mutu. Kuwala konse kunathera pa mawondo anga, amene iwo ankawatcha madolo.

"Niona madolo yako chabe! Nanga nabwera kugula madolo?"

Bwato lawo linalowa m'bango n'kukanirira. Chapafupi mvuu inafwenthera, mpweya wake unandipesa tsitsi. Mdala anakuwanso kuti ndiunike. Ine pofuna kupepesa ndinasiya nkhafi pamiyendo kuti ndiwombe m'manja. Kayaki sidziwa mwambo. Inanditembenuza nthawi yomweyo, mutu pansi, miyendo kumwamba.

Pansi pa madzi tochi inkayakabe. Ndinaona nsomba zikudabwa, imodzi inachita kuphimba maso. Ndinagwira nkhafi, n'kudzitembenuza monga timachitira kuntchito, ndipo nditavuuka nkhope yanga inalunjika pa nkhope yawo. Koyamba m'moyo wanga ndinawaona. Anali ndi ndevu zoyera ndi mpata kumano, wofanana ndendende ndi wa mwana wawo. Ankaseka mpaka bwato kugwedezeka.

Ndinayamba kutsitsa mutu.

"Ayi! Apongozi, musachotse maso pali ine. Ulemu muzanipatsa kumtunda."

Ndinawayang'anitsitsa mpaka anatuluka m'bangomo. Tinali titafika kale pa miono pamene mawu aja analowa m'mutu mwanga bwinobwino. Sananene kuti iwe. Anati apongozi. Ndinatsala pang'ono kugweranso m'madzi.

Tinayenda limodzi pamtsinje zaka zambiri pambuyo pake. Kunyumba ndinkagwada, maso pansi, iwo n'kumandiyankha mwaulemu ngati sitidziwana. Tikangokankha bwato, ndinkawayang'ana kumaso mmene ndingafunire, iwo n'kumandiuza nkhani za kwawo ku chigwa, za madzi osefukira ndi ng'ombe zosambira. Zina zinali zokokomeza, koma si aliyense amene anabadwa woona mtima ngati ine.

Anatisiya chaka cha mvula yochepa chija. Bwato lawo lili kuseri kwa nyumba, akazi anga anadzalamo anyezi. Tochi ikadalipo, lamba wake ndamusokapo kangapo. Magetsi akazima ndimaivala, ndipo ndimadzipeza ndadzutsa mutu, kufunafuna nkhope ija pamwamba pang'ono pa chitseko, pamene pakanafika munthu woimirira m'bwato.