Tsiku Limene Apolisi Anatiimitsira Basi

Nyumba yathu ya pamwamba ku North York, kutsidya kwa nyanja, inkanunkha kandulo ndi majekete onyowa nyengo yonse ya Lenti, chaka chimene ndinali m'giredi yachinayi. Kunja chipale chofewa chinali kusungunuka n'kusanduka matope akuda m'mbali mwa msewu. Madzulo amayi akaweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba, ankatseka makatani onse, n'kutsegula mpope wa kukhitchini kuti madzi azisokosa. Kenako tinkagwada kuseri kwa sofa n'kunena kolona monong'ona. Ine ndinkangoti kaya Mulungu wa kwathu sachedwa kudzidzimuka.

Kutchalitchi nakonso amayi sankaimba. Milomo yokha inkagwedera ngati ya nsomba, ndipo ine manyazi ankandigwira, poti amayi a anzanga ankaimba mpaka mawindo kunjenjemera. Amene anandiululira chifukwa chake anali anti Phiri, namwino wa ku Chipata wosasunga mawu m'kamwa. Amayi anakulira ku Angonia, ku Mozambiki, boma la chikomyunizimu litangolowa kumene. Tchalitchi cha kwawo chinatsekedwa, belu n'kutsitsidwa. Agogo anga aamuna, omwe anali katekisiti, asilikali anawapeza akupempheretsa anthu pansi pa mtengo. Woyambitsa nyimbo tsikulo anali amayi, ali kamtsikana, ndipo mawu awo ndiwo anamveka mpaka kumsewu. Agogo anatengedwa, osabwereranso. Chiyambire pamenepo amayi anali asanaimbepo mokweza.

Ndiye linafika Lamulungu la Kanjedza. Ansembe anati tiyenda mumsewu kuchokera kupaki mpaka kutchalitchi. Amayi anakana kwamtuwagalu, koma anti Phiri anachita kudzawakoka pakhomo. Tinanyamuka zala zitauma gwa ndi kuzizira, aliyense kanjedza m'manja. Titangokhota, tinaona galimoto ziwiri za apolisi zitapingasa msewu, magetsi akuthwanima. Amayi anandilanda kanjedza wanga, n'kumupinda pamodzi ndi wawo, n'kumukankhira m'jekete mwanga. 

"Akakufunsa, unene kuti tikukagula buledi," anandinong'oneza.

Anti Phiri anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Imwe amake Tadala, muyopa chani? Aja abwera kutibulokera trafiki!"

Amayi sanakhulupirire. Koma wapolisi wina wamkazi anakweza dzanja, osati kwa ife ayi, koma kwa basi yaikulu yodzaza ndi anthu. Basi inaima. Magalimoto onse a kumbuyo kwake anaimanso. Kenako anatikodola kuti tidutse, akumwetulira.

Amayi anangoti chilili pakati pa msewu, anthu akuwalambalala. Mwadzidzidzi anapisa m'jekete mwanga, n'kutulutsa kanjedza uja ali wothyokathyoka, n'kumukweza m'mwamba. Mawu oyamba anatuluka osasa ngati chitseko cha dzimbiri. Achiwiri anakwera n'kupitirira kwaya yonse. Oimba anasokonezeka pang'ono, kenako anangowatsata. Anti Phiri, oseka aja, ankangotsatira misozi ili chuchuchu. Amayi anatsogolera nyimbo msewu wonsewo, ndipo podutsa pamaso pa wapolisi uja anaimba nthungululu yoti ngakhale a m'basi anasuzumira. Mtima wanga unadzaza, ndinkafuna aliyense adziwe kuti amenewo ndi amayi anga.

Kusukulu ndinadzitama sabata yonse kuti apolisi anatiimitsira basi. Kwa ine nkhani inali yomweyo. Ndachita kukula kuti ndimvetse kuti tsiku limenelo amayi anaimba koyamba osaopa kuti mawu awo aphetsa munthu.