Banjo ya M'chigafa

Mdzukulu wanga wandiwerengera pafoni malo amene akulakalaka kukaonerako oimba. Onse ndi akutali. Akuwerenga choncho, ine m'mphuno mwangobwera fungo la fodya wouma.

Kwathu ku Kaluluma, fodya akapita ku okushoni, chigafa chinkatsala chopanda kanthu. Lamulungu masana abambo ankaimbiramo banjo yawo ya chigubu cha mafuta. Anthu ankakhala pa masaka, fumbi la fodya likuwayetsemulitsa, amayi akuvina ana ali kumsana. Koma ine, namatetule wa sitandade folo, ndinali nditamva kuti oimba enieni amaimbira mu holo ya kuboma, momwe muli magetsi. Nyimbo yopanda magetsi sindinkaiwerengera.

"Iwe, tabwera undigwirire chisekese," abambo anandiitana tsiku lina.

"Ayi ababa, m'chigafa ndi mwa fodya."

Anthu anaseka. Iwo anangomwetulira, n'kumakunga waya wa banjoyo. "Chabwino, bwana. Ukadzalowa mu holomo, udzandiuze mmene zimamvekera."

Ndinadzalowamo ndevu zitamera kale, iwo atamwalira. Zokuzira mawu zinkangoboola m'makutu, mawu a nyimbo osamveka. Ndinatuluka dansi ili pakati, yankho lili pakamwa, koma amene anandituma kunalibenso.