Chiganizo Choyamba cha a Njobvu

A Febian Njobvu anagwira ntchito pa dibi losambitsira ng'ombe la ku Kaumbwe zaka khumi ndi zisanu, ndipo nkhupakupa ankazidziwa kuposa achibale awo. Boma litasintha mu 1991, zaulere zinayamba kutha chimodzichimodzi. Mankhwala analeka kubwera, m'dibi munalowa achule, iwo n'kupatsidwa kalata yoti akapume. Anabwerera kumunda ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi komanso kope lakuda.

Kopelo sanalisiye. Matenda a chigodola, obwera ndi nkhupakupa, atalowa m'makola, ankapalasa njinga mudzi ndi mudzi, kugwira ng'ombe pakhosi potupa, kulemba tsiku, mwini wake ndi mankhwala amene anaiwaza. Patatha zaka zitatu anaona choopsa: mankhwala a m'mabotolo amene alimi ankagula pamsika sankaphanso nkhupakupa. Ng'ombe za iwo eninso zinafa zinayi, n'kutsala ziwiri zolimira.

Ndiye bungwe lina la ku Lusaka linalengeza kuti lili ndi katemera wokwanira madera atatu okha, ndipo lidzasankha powerenga mapepala a kafukufuku. A Njobvu anakhala pansi n'kulemba.

Apa ndi pamene ulemu unawapweteka. Kumudzi iwo ndiwo ankatumidwa kukanena maliro, chifukwa ankadziwa kuzungulira. Ankayamba ndi moni, kufunsa za mvula, kenako kuti uje wadwalika, mpaka womvayo mtima utakonzeka. Pepala lawo analilemba momwemo: ndime imodzi ya masamba anayi. Anathokoza bungwe, anafotokoza mvula ya chaka chimenecho, msewu, mbiri ya dibi, ndipo ng'ombe zakufa anaziika mwaulemu pa mzere womaliza.

Kaumbwe sanasankhidwe.

Patapita miyezi iwiri, mayi Jennipher Mumba, dokotala wa ziweto amene anali nawo posankhapo, anawaitana ku Petauke. A Njobvu ananyamuka ng'ombe imodzi ikutsokomola.

“Tinali na mapepala makumi anayi, a Njobvu,” anatero mayiwo. “Tinali kuwelenga chiganizo choyamba cha ndime iliyonse. Yanu inayamba na zikomo.”

“Koma zonse zilimo, amai.”

“Zilimo, inde. Ndinazipeza zonse zitatha kale. Palibe amene anafufuza bwino kupambana imwe.”

Mawu amenewo anawawa kuposa kunyozedwa. Chikhala kuti anawauza kuti kafukufukuyo ndi wachabechabe, bwenzi atangopita kwawo.

Panali mwayi wina chaka chotsatira, choncho anakhala ku Petauke mlungu wathunthu akulembanso. Mayi Mumba sankanyengerera. Ndime imodzi inyamule mfundo imodzi. Chiganizo choyamba chinene nkhaniyo, zotsatira zipereke umboni, chomaliza chinene tanthauzo lake, basi. Za mvula anazidula, za msewu anazidula. A Njobvu ankamva ngati akuwaphunzitsa mwano atakula kale. Tsiku lachisanu ndi chimodzi analemba kuti: “Ng'ombe 412 zafa ndi chigodola ku Kaumbwe m'zaka zitatu.”

“Ndiye ndime iyi,” anatero mayi Mumba. “Pepalali mukalisainitse kwa alimi, mubwele nalo.”

A Njobvu anafika kwawo masana. Akazi awo, a Rabecca, anawachingamira panjira, n'kulandira chikwama. Anawapatsa mpando pamthunzi, madzi akumwa, kenako anakhala pansi chapatali. Anafunsa za ulendo. Ananena kuti mvula inagwa Lachitatu, nsawawa zamera bwino, Febby mwana wawo anachira chifuwa chija. Ankalankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi, akusalaza chitenje pamaondo.

A Njobvu anawadziwa mayendedwe a mawuwo. Iwo omwe anawayendetsa chotero pa makomo ambirimbiri, ndipo tsiku limenelo ndi pamene anadziwa mmene womvera amavutikira podikira.

“Amake Febby,” anatero, “yambani na nkhani.”

A Rabecca anadzutsa mutu, odabwa ndi mwano wa amuna awo.

“Zonse ziwili,” anayankha. “Ina dzulo, ina lelo m'mawa.”

A Njobvu sanapite kukhola. Anapempha chikwama chawo, anatulutsa pepala lija n'kuliyala pabondo. Pa chiganizo choyamba anakhwatcha 412, n'kulemba 414.