Mzere wachikasu wa a Chisanu

Kuntchito palibe ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Chisanu, poti ntchito yawo inali yoziziritsa zinthu, ndipo sitikunena kuzizira kwa firiji ya kunyumba kwanuko ayi. M'labotale ya chipinda chapansi munali chithanki chachitsulo chotalika kuposa munthu, mkati mwake muli maginito amphamvu zoopsa. Iwo ndiwo ankachithira mpweya wozizira wamadzimadzi, kumvetsera kulira kwake, penanso kuchikalipira chikachita makani.

M'chithankimo ankalowetsamo tizidutswa tochepa ngati chikhadabo cha khanda. Akazi awo akafunsa, a Chisanu ankafotokoza monyadira: "Ndi timiyala tiwiri tochita kupanga, mayi. Kalikonse pakokha sikadutsa magetsi. Koma ukayala kena pamwamba pa kanzake, pokumanirapo pamabadwa kanjira kopyapyala komwe ma elekitironi, tinthu tonyamula magetsi, amathamangamo. Ukaziziritsa kwambiri n'kuyatsa maginito, amasintha khalidwe, ndiye apulofesa akufuna kudziwa chifukwa chake."

"Zabwino zimenezo, bambo," ankatero mayiwo, "koma babu la kubafa linapsa kalekale."

Pansi, kuzungulira chithankicho, panali mzere wachikasu. Maginito akayaka, wodutsa mzerewo ankayenera kusiya makiyi, foni, wotchi, chitsulo chilichonse. Pa lamulo limeneli a Chisanu analibe chibale. Anabwezapo ngakhale mlendo wa suti chifukwa cha kapini ka pa tayi.

Ndiye tsiku lina akudikira basi anangoti khu! pansi. Kuchipatala anawaika kachipangizo pachifuwa kothandiza mtima kugunda bwino. Powatulutsa, dokotala anati, "Moyo upitirira monga kale, bambo. Kungoti musamayandikire maginito amphamvu, angasokoneze kachipangizoka." A Chisanu anaseka mpaka bala linawawa, koma akazi awo sanaseke nawo.

Atabwerera kuntchito anangoti kunali kuthamanga kwa magazi basi. Ankaopa, zoona ankaopa, kuti akaulula awachotsa m'chipinda momwe anameramo imvi. Choncho anayamba kuzemba. Maginito akati ayake, iwo apeza kale chochita ku stolo, kapena akusaka sipanala yomwe ili m'thumba mwawo momwe. Madzulo alionse funso la akazi awo kunyumba linali limodzi.

"Mwawauza?"

"Ndiwauza mawa."

"Mawa lanulo lidzandisandutsa namfedwa ine."

Kuzemba kunatha tsiku lomwe apulofesa, mayi wofatsa koma wosafuna zachibwana pantchito, analowetsa kachidutswa komwe anakavutikira miyezi yambiri. Maginito atafika pachimake, kuzizira kunayamba kuthawa pang'onopang'ono. Panafunika kupotokola valavu yotsegulira mpweya ya pamwamba pa thanki, ntchito yomwe kuyambira kale inali ya munthu mmodzi yekha.

"A Chisanu, valavu!" anakuwa apulofesa, maso ali pa kompyuta. "Fulumirani, titaya zonse!"

Miyendo inanyamuka yokha mwa chizolowezi. Makiyi patebulo, foni patebulo, wotchi patebulo. Nsonga ya nsapato itagunda mzere wachikasu, anaima chilili. Chitsulo chotsalacho sichinali chovula.

"Mwatani kodi?"

A Chisanu anangomasula mabatani a malaya n'kuonetsa chipsera ndi kotupa kamene kanali pansi pake. Apulofesa anayang'ana kamodzi n'kumvetsa zonse.

"Bwererani m'mbuyo, bambo. Chonde, mpaka pakhomo."

Apulofesawo anakwera okha makwerero. A Chisanu anatsegula pakamwa kuti awalangize kuti pang'ono pokha, chakumanzere, koma asanamalize n'komwe valavu inali itapotokoledwa kale, bwinobwino, monga momwe iwo akadachitira. Thanki inasiya kufwenthera. Pa kompyuta mzere wa muyeso unayamba kukwera ndi kutsika, timafunde tating'ono tomwe apulofesa ankatisakasaka, tosonyeza momwe ma elekitironi aja akuyendera m'kanjira kawo. A Chisanu anaomba m'manja ali pakhomo. Anakondwa ndithu, kenaka anamanganso mabatani a malaya pang'onopang'ono.

Pambuyo pake apulofesa anawakalipira misozi ili m'maso. "Mumafuna mufere pamaso panga? Ndikadawauza chiyani mayi kunyumba?" Kenaka anati ntchito yawo sinathe, azikhala pa kompyuta kunja kwa mzere, aziyang'anira kuzizira ali pampando.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Akazi awo anali kuyanika zovala, ndipo atangoona kayendedwe kawo anasiya dengu pansi.

"Mwawauza?"

"Ndawauza."

"Ndiye zatha bwanji?"

A Chisanu anakhala pakhonde n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, nkhope ili pansi. "Zayenda bwino, mayi. Zayenda bwino kwambiri, popanda ine."

Mayiwo anakhala pambali pawo, n'kuika dzanja lawo lonyowa pachifuwa paja, namvetsera kugunda kwa mtima.

"Kumeneko ziziyenda choncho," anatero. "Kuno sizikadayenda."