Ubweya Wokana Utoto

"Zoyera zonse ndatenga ine."

"Nanga ine, malume?"

"Makalawo si awo? Ndakuwonjezeranso lama. Usamati ndine woumira."

Umu ndi momwe Nelida anagawidwira ziweto za malemu mayi ake, m'khola lamiyala kumapiri a Macusani. Malume ake a Saturnino anatenga alpaka zoyera, ziweto zaubweya zonga nkhosa za makosi aatali, mwana wa mlongo wawo n'kumusiyira zakuda ndi zofiirira. Ubweya woyera umalola utoto uliwonse, n'chifukwa chake ogula ankaulimbirana. Wakuda umakana.

Kuyunivesite n'kuti Nelida atalephera kale mayeso a udokotala wa ziweto, chaka chomwe ankadwazika mayi akewo.

"Sukulu yakukanika, ubusa sukuudziwa," anatero malumewo. "Sindiwe lama, sindiwe alpaka. Kagulitse izi kwa opha nyama, ukasake ntchito yotsuka mbale ku Juliaca."

Nelida anakana. M'makutu mwa ziwetozo munali timaulusi tofiira tomanga mayi ake ndi manja awo.

Atameta ubweya, anasenzetsa lama ija matumba, ulendo wa kumsika. Dzina lake inali Alcalde, ndiye kuti Meya, poti inkakonda kuyenda patsogolo mutu uli m'mwamba. Wogula anangosuzumira m'thumba limodzi n'kuseka.

"Mtsikana, uwu ndikaunyika mu chiyani? Bwerera nawo."

Pobwerera mvula inawapeza, matumba n'kulemera. Alcalde inagwada pakati pa njira, n'kukhaliratu. Aliyense kwathu kuno amadziwa kuti lama ukailemetsa siidzuka, olo uimenye, olo uiitanire wansembe. Nelida anakoka chingwe, iyo n'kumulavulira. Naye anakhala pansi nalira mpaka mvula inakata.

"Chabwino a Meya, mwapambana. Mawa nonse kwa opha nyama."

Anatsitsa thumba limodzi kuti akhalirepo. Lama inadzuka pompo, ngati sipanachitike kanthu.

Nelida anaseka yekha. Popukuta misozi anaona kuti nsalu yofiira yogula kumsika yamuthimbiriritsa bulauzi. Koma thumba lomwe anatsitsalo, loluka mayi ake ndi ubweya wakuda iye asanabadwe, linali likadali bii.

Tamasulani mwambiwu: chokana utoto chingasuluke bwanji?

Anasiya kusaka ogula ubweya. Anayamba kupota ulusi yekha, uku akudyetsa ziweto. Zipewa zake zoyamba zinkakwana mbatata, osati mutu wa munthu. Anamasula, n'kulukanso. Chisanu chinamuphera tiana ta alpaka. Totsalato anatigoneka m'khitchini. Pamalo okwerera basi, pomwe ankagulitsa zipewazo, madalaivala ankamunena.

"Amayi a maliro afika! Zakuda zokhazokha?"

Mmodzi anagula chipewa pomumvera chisoni. Dzinja litatha anabweranso ndi anzake.

"Mkazi wanga wachichapa mpaka manja kutupa, koma chikadali chomwecho. Tipatse zina, mlongo."

Mbiri inakwera basi mpaka ku Arequipa, ndipo mayi wina wa sitolo anayamba kuitanitsa ulusi wosanyika. Tsiku lomwe galimoto ya opha nyama inaima pakhomo pake iye n'kuiuza kuti ipitirire, Nelida anapuma mpweya umene ankaoneka kuti anaumeza pamaliro a mayi ake paja.

Lero alendo amadzaona khola lake. Asanawapatse tiyi amawafunsa kuti lama ndi iti, alpaka ndi iti. Ambiri amalephera, iye n'kuwatonthoza kuti kulephera mayeso sikupha.

"Onani makutu. A lama ndi aatali, opindika ngati nthochi. A alpaka ndi aafupi, osongoka. Lama ndi yaikulu, imasenza katundu. Alpaka siisenza kanthu, chuma chake inavala. Koma musayandikire kwambiri, kulavula zonse zinakhoza."

Inu amene mwakhala pansi pakati pa njira lero, musadziyese ogonja. Tsitsani thumba limodzi, mudzuka. Chimene ena akuchikana mwa inu mwina n'chimene sichidzasuluka. Mtima wokhawo musautaye.

Mwezi wathawu a Saturnino anafika pakholapo chipewa chili m'manja. Anayamikira udzu, anayamikira mpanda, anapatsa moni ngakhale Alcalde. Kenako anakhosomola.

"Mwana wa mlongo wanga, ungandibwerekeko yamphongo imodzi yakuda? Ndikufuna mbewu."

Nelida anatsegula chipata, n'kuwapatsira chingwe m'manja.

"Sankhani nokha, malume. Koma makala mwayamba liti kuweta?"